KODI KUSINTHA WILO NDI KUPHWANYA LONJEZO?

Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera. Mwambi umenewu ndi woona, koma si chinthu chilichonse chimene chikoma chifukwa cha kugonera. Thobwa likagona usiku umodzi likoma. Likagona masiku anayi lisasa, ndipo mwana sangamwe. Pali mawu ena amene munthu awalemba dala kuti agonere zaka zambiri, kuti akawerengedwe tsiku limene mwini wake sadzathanso kuyankha funso. Mawu amenewa ndiwo wilo, ndiko kuti kalata imene munthu alemba ali moyo, yonena m'mene chuma chake chidzagawidwire iye atamwalira. Funso limene tifuna kulingalira pano ndi ili: munthu atalemba wilo, banja lake n'kusintha, kodi achita bwino kusintha mawu ake, kapena kutero ndiko kukhala munthu wosasunga pangano?

Tiyambe ndi kukumbukira m'mene makolo athu ankachitira, pakuti wilo si mbewu ya kuno. Kale munthu akaona kuti nthenda yamkulira, ankaitana mbale wake kapena mwini mbumba, namuuza mawu ake otsiriza. Maliro atatha, anthu atameta, akuluakulu ankakhala pansi kugawa zimene wasiya: khasu, nkhwangwa, uta, mbuzi ziwiri kapena zitatu. Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, kumene mwana awerengedwa wa kwa amake, katundu wa mwamuna ankapita makamaka kwa abale ake ndi kwa ana a mlongo wake, ndipo ana ake ankayang'ana kwa atsibweni awo. Mwambo umenewu unali ndi ubwino umodzi waukulu: ogawawo anali anthu amoyo, okhala ndi maso. Ngati wakufayo anaiwala kutchula mwana wina, iwo ankamuona atakhala pamphasa pomwepo. Ngati mkazi anatsala ndi pakati, amayi achikulire ankadziwa, nauza amuna. Mawu a wakufa ankalemekezedwa, koma ankawapinda pang'ono kuti akwane pa anthu amene alipo.

Kuipa kwake kunali komweko: ogawawo anali anthu amoyo, ndipo munthu wamoyo ali ndi dyera. Pamene chuma chinali khasu ndi mbuzi, dyera linalibe pogwira penipeni. Koma amuna atayamba kubwera kuchokera ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku minda ya ku Southern Rhodesia ali ndi njinga, makina osokera ndi malata, ndiponso anthu atayamba kumanga nyumba ku Ndirande ndi ku Kawale ndi kusunga ndalama ku banki, mwambo uja unasenzetsedwa katundu amene sunazolowere. Nyumba imene mwamuna ndi mkazi anamanga pamodzi, wina kuumba njerwa wina kutunga madzi, inayamba kutengedwa ndi achibale amene sanaikepo ngakhale njerwa imodzi. Sitifunika kufotokoza zambiri. Owerenga ambiri anaonapo galimoto ikupakira mipando ndi mabedi misozi isanaume.

Boma linalowererapo. Lamulo la mawilo ndi chuma chamasiye la chaka cha 1967 linati mwamuna akafa wopanda wilo, kumadera a malowolo monga kumpoto theka la chuma lipite kwa mkazi ndi ana, theka lina kwa achibale olowa mwa mwambo. Kumadera a chikamwini mkazi ndi ana ankalandira magawo 2 okha mwa magawo 5. M'chaka cha 2011 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo latsopano m'malo mwa lakale lija. Tsopano oyamba kuganiziridwa ndi mkazi kapena mwamuna wotsalayo, ana, ndi ena amene ankadalira malemuyo, ndipo wolanda chuma chamasiye angathe kulipitsidwa chindapusa ndi kumangidwa zaka 10. Lamuloli lilola munthu wamkulu aliyense wamutu wabwino, mwamuna kapena mkazi, kulemba wilo. Chofunika n'chakuti ilembedwe papepala, mwini wake asaine pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mbonizo zisainenso pamaso pake.

Pepala lotere lili ndi mphamvu imene akuluakulu a pamaliro alibe. Sililandira chiphuphu, siliopa malume waukali, silichita manyazi. Koma lasowa chimene iwo anali nacho, pakuti lilibe maso. Chimene linauzidwa m'chaka chimene linalembedwa ndicho lidzanena, ngakhale zonse za pakhomo zitatembenuka.

Tiyerekeze mphunzitsi wa zaka 30, ali ndi mkazi ndi ana awiri aamuna. Alemba kuti nyumba idzakhale ya mwana woyamba, ng'ombe zinayi za wachiwiri, ndalama zakutizakuti za mkazi, ndipo mkulu wake ndiye adzagawe. Aika pepala m'bokosi, mtima uli m'malo. Papita zaka 25. Abadwa ana ena atatu, ndipo womaliza ndi wolumala miyendo. Ng'ombe zija anagulitsa kuti alipirire ana sukulu. Mwana woyamba anamwalira, nasiya ana awiri aang'ono. Mkulu wake uja, amene anayenera kugawa, anatsogola kale. Ndalama zija, zimene pa nthawiyo zikanagula malata a nyumba yonse, lero sizikwana thumba la feteleza. Tsiku lowerenga wilo pepala lidzalankhula ndi banja limene kulibe, ndipo banja limene lilipo lidzamvera ngati alendo. Munthu ameneyu sanali woipa mtima ayi. Anakonda banja lake, koma analikonda monga linalili tsiku limodzi lokha.

Tsono wina adzati, "Mwamuna ndi mawu ake. Ndinanena, ndinasaina, mboni zinaona. Ndikasintha lero, mawa ndidzasinthanso, ndipo mawu anga adzakhala ngati bango logwedezeka ndi mphepo." Maganizo amenewa sitiyenera kuwaseka, pakuti achokera pa chinthu chabwino. Mudzi umene anthu ake sasunga mawu awo sukhalitsa. Komatu tifunse kuti lonjezo lenileni linachitika liti. Kodi linachitika tsiku lija munthu anagwira cholembera? Iyayi. Linachitika tsiku limene ankhoswe anakhala pansi namanga ukwati, ndi tsiku limene mwana aliyense anatuluka m'chikuta. Masiku amenewo ndiwo munthu anasenza udindo wodyetsa, kuveka ndi kusunga. Wilo yadza pambuyo, ngati wantchito wotumidwa kukamaliza udindo umenewo mwini wake atachoka. Wantchito akatumidwa ku mudzi umene unasamuka, womutumayo amuitana namuuza njira yatsopano, ndipo palibe amene anena kuti bwanayo wanama.

Taonani mayi pa nthawi ya chakudya. Waomola nsima, wagawa ndiwo m'mbale zinayi. Asanayambe kudya, pakhomo pafika mwana wachisanu wochokera kubusa. Mayi atapa pang'ono m'mbale iliyonse nampatsa. Kodi waphwanya lonjezo kwa anayi aja? Lonjezo lake silinali lakuti mwana uyu adzadya nthuli zitatu; linali lakuti ana ake onse adzadya.

Ngakhale m'Malembo nkhani yotere ilimo. M'buku la Numeri, mutu 27, timva za ana aakazi asanu a Tselofekadi. Atate wawo anafa wopanda mwana wamwamuna, ndipo dzina lake likanafafanizika pakati pa abale ake. Akaziwo anaima pamaso pa Mose nadandaula, ndipo lamulo linakonzedwa kuti ana aakazi alandire cholowa. Pa mutu 36 akulu a fuko lawo anadza ndi dandaulo lina, lakuti akaziwo akakwatiwa kunja dziko lidzachoka m'fuko. Pamenepo lamulo linawonjezedwanso. Cholinga chinali chimodzi, chakuti banja lisataye cholowa chake. Mawu ndiwo anasintha kawiri kuti cholingacho chiime.

Ku England kunali mlembi wotchuka wa masewero, William Shakespeare, amene ana athu amuwerenga m'sukulu za sekondale. Mwana wake wamkazi Judith anakwatiwa ndi Thomas Quiney mu February 1616. Patangopita masabata ochepa zinamveka kuti mkamwiniyo anali atapatsa pakati mkazi wina, ndipo mkaziyo anafa pamodzi ndi khanda lake. Pa 25 March chaka chomwecho Shakespeare anasaina wilo yokonzedwanso. Sanam'mane Judith. Anampatsa ndalama zina zoti alandire msanga, koma mapaundi ena 150 anawamanga, kuti Judith ali pa ukwati azilandira phindu lake lokha, ndipo mwamuna wake asathe kukhudza ndalamazo pokhapokha atapereka malo a mtengo wofanana. Patapita mwezi umodzi anamwalira. Chikondi chake pa mwanayo sichinasinthe. Chimene chinasintha ndi ngozi imene mwanayo analimo, ndipo tate anasuntha mpanda kuuika kumene fisi anali kudzera.

Koma tisafulumire kunena kuti kusintha kulikonse n'kwabwino. Pali kusintha chifukwa udindo wasintha, ndipo pali kusintha chifukwa mtima watentha. Tate akangana ndi mwana wake pa za munda, m'mawa mwake athamangira kukamfafaniza m'wilo. Mkangano wa anthu amoyo utha. Alowapo ankhoswe, wina agwira nkhuku, anthu adyera pamodzi. Koma mkangano wolembedwa m'wilo sutha, chifukwa wopepesedwayo ali m'manda. Mwana adzanyamula mawu a tsiku limodzi laukali moyo wake wonse, ndipo abale ake amene alandira gawo lake adzakhala adani ake osafuna. Pa chifukwa cha zotere lamulo la 2011 lipatsa bwalo la milandu mphamvu yothandiza mkazi, mwamuna kapena mwana amene wilo yamsiya wopanda zokwanira. Pali kusinthanso kwa pamphasa ya matenda, pamene wodwala aona nkhope imodzi yokha, ya amene am'mwetsa phala, ndipo ena onse amva za iwo kudzera m'kamwa mwa yemweyo. Wodwazika matenda ayenera kuthokozedwa ndithu, ndipo nthawi zambiri ayenera gawo loposa la anzake. Koma gawolo lilembedwe mutu uli bwino, masana, pamaso pa mboni zimene sizidzalandirapo kanthu.

Ine ndiona kuti njira yoyesera kusintha ndi iyi: kodi chifukwa chake ndingathe kuchinena pakamwa, banja lonse litakhala pakhonde? "Ndawonjeza gawo la mng'ono wanu chifukwa sayenda, ndipo inu ndinakuphunzitsani kale." Mawu awa munthu angawanene osagwetsa nkhope, ngakhale ena adzang'ung'udza. "Ndakuchotsa chifukwa sunandipatse moni pa ukwati uja." Awa angawalembe mobisa, koma kuwanena pagulu angachite manyazi.

Pali nkhani imodzi yovuta koposa zonsezi, pamene wonena kuti mwamuna ndi mawu ake alondola. Tate auza mwana wake wamkazi kuti, "Siya ntchito ku Lilongwe, bwera udzasunge ine ndi amako, nyumba ino idzakhala yako." Mwanayo asiya ntchito, asunga makolo zaka 12, atsuka zilonda, akana mabanja akutali. Amayi amwalira. Tate akwatira mkazi wina, abereka naye mwana. Tsopano pali mkazi ndi khanda amene adzasowa pogona, ndipo pali mwana amene anagula nyumbayo ndi unyamata wake. Apa tate sangati, "Wilo ndi yanga, ndisintha m'mene ndifunira," pakuti lonjezo limeneli silinali la papepala lokha; munthu wina anamangapo moyo wake. Sangathenso kutseka maso kwa khanda limene sanalifunse ngati lifuna kubadwa. Palibe kagawidwe kamene kadzakondweretsa onse. Chimene tate angachite ndi kuitana mwana wamkaziyo iye akali moyo, kumuuza zoona, ndi kufuna naye njira, kaya kumanga kanyumba kena pa malo omwewo, kaya kuti nyumba ikhale yake koma mayi wopezayo akhalemo kufikira khanda litakula. Chimene sayenera kuchita ndi kusintha mwakachetechete, kuti mwanayo adzamve pa tsiku la maliro kuchokera kwa mlendo wowerenga pepala.

Popeza chakudza sichiimba ng'oma, ndipo si tonse tidzakhala ndi mwezi wokonzera zinthu monga anachitira mlembi uja, nzeru ndiyo kulemba wilo yosafulumira kusasa. Mphunzitsi uja akanalemba kuti "ana anga onse, amene alipo ndi amene adzabadwa," atatu aja sakanatsala kunja. Kutchula mayina n'kwabwino, koma mawu akuti "onse" akhalepo. Ndipo pano tinene mosabisa: mwana wobadwa kunja kwa ukwati ndi mwana. Malamulo aakulu a dziko lino a chaka cha 1994 anena kuti ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, posayang'ana m'mene anabadwira. Tate amene am'bisa saliteteza banja lake. Angolisiyira mlandu woti lidzaumve koyamba pamanda. Akanalembanso kuti mwana akatsogola gawo lake lipite kwa ana ake, zidzukulu ziwiri zija zikanakhala ndi pogwira.

Za ndalama, ndi bwino kulemba magawo osati chiwerengero: theka, limodzi mwa magawo atatu, limodzi mwa magawo asanu. Amene analemba wilo mu 1965 analemba mapaundi ndi masheleni, koma mu 1971 dziko linayamba kugwiritsa ntchito kwacha. Mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Chiwerengero chikalamba, koma theka likhala theka. Chimodzimodzi ndi katundu wotchulidwa dzina: ukapatsa mwana ng'ombe, ng'ombezo n'kugulitsidwa iwe uli moyo, mwanayo watsala manja ali m'khosi pamene mnzake walandira nyumba. Choncho pakhale mawu onena za "zotsala zonse," kuti chimene chidzapezeka m'tsogolo, chimene lero sitichidziwa, chikhale ndi mwini. Wogawa chuma atchulidwe, ndi wachiwiri wake wodzalowa m'malo ngati woyambayo atatsogola; ndipo mmodzi wa iwo akhale wamng'ono kwa wolembayo, pakuti anthu a msinkhu umodzi kawirikawiri apita motsatana. Amene ali ndi ana aang'ono anene amene adzawalera, atayamba wamfunsa mwini wakeyo. Ndipo munthu asalembe chimene si chake: munda wa mbumba umene anangopatsidwa kulima, kapena gawo la mkazi wake pa nyumba imene anamanga awiri.

Pali msampha wina umene ukola makamaka anthu anzeru. Ataona kuti zinthu zisintha, afuna kulamula za m'tsogolo zonse, kuti dzanja lawo ligwirebe chiwongolero iwo ali m'manda. Shakespeare yemweyo anagwa m'menemu. Chuma chake chachikulu anachisiyira mwana wake wamkulu Susanna, nalemba kuti pambuyo pake chipite kwa mwana wamwamuna woyamba wa Susanna, akalephera kwa wachiwiri, nawerenga kufikira wachisanu ndi chiwiri. Koma Susanna sanabereke mwana wamwamuna ngakhale mmodzi. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Elizabeth, amene anamwalira mu 1670 wopanda mwana. Ana atatu aamuna a Judith nawonso anafa osasiya mbewu, ndipo mzere wonse unathera pomwepo. Pamene anayang'ana mwana amene anali pamaso pake anaona bwino. Pamene anayang'ana ana amene kunalibe anawerenga mithunzi.

Kwathu kuno msampha umenewu uoneka m'mawu onga akuti, "Nyumba iyi isadzagulitsidwe mpaka kalekale," kapena, "Mkazi wanga akadzakwatiwa achoke." Wolemba aganiza kuti asunga banja. Koma patapita zaka ana onse ali kutali, denga lidontha, palibe wa ndalama zokonzera, ndipo mdzukulu wakhoza mayeso koma alibe fizi, nyumba ili chiimire kudyedwa ndi chiswe chifukwa cha mawu a munthu amene sangafunsidwenso. Bwino kunena cholinga, kuti "ndifuna ana anga akhale ndi pogona ndi kuti aphunzire," ndi kusiyira wogawa wokhulupirika mpata wosankha njira. Pamenepo pepala libwereka maso a munthu wamoyo, monga zinalili kwa makolo, koma munthuyo wasankhidwa ndi mwini chuma, ndipo ali ndi malire amene bwalo lingamufunse nawo.

Ngakhale wilo yolembedwa mwanzeru ifuna kuitulutsa m'bokosi nthawi ndi nthawi. Nthawi zake n'zosavuta kuzikumbukira, pakuti ndi zomwe zisonkhanitsa abale: ukwati, kubadwa kwa mwana, maliro, kutha kwa banja, kugula kapena kugulitsa malo. Za ukwati tichenjere kwambiri. Mwa lamulo, munthu akakwatira atalemba kale wilo, wilo ija yafa, pokhapokha ngati anailemba akuganizira ukwati womwewo. Ambiri sadziwa zimenezi, ndipo asunga m'bokosi pepala lopanda mphamvu. Amene ali pa ntchito akumbukirenso kuti mayina amene analemba pa pepala la penshoni ndi nkhani ina, yoyenera kukonzedwa payokha kwa olemba ntchito. Alipo amene pa pepalalo pakali dzina la mayi wawo amene anamwalira kale, kapena la mkazi amene analekana naye.

Posintha, munthu asafafanize ndi cholembera m'pepala lakale n'kulemba dzina lina pamwamba ali yekha m'chipinda, chifukwa pa tsiku lowerenga palibe adzadziwa ngati dzanja limenelo linali lake. Alembe wilo yatsopano, aikepo tsiku, anene kuti yakale yonse waithetsa, asaine pamaso pa mboni ziwiri monga poyamba, ndipo yakaleyo aing'ambe, kuti pasadzapezeke mapepala awiri okangana. Yatsopanoyo angathe kukaisungitsa ku bwalo la milandu, kwa DC, ku banki kapena kwa loya. Wogawa uja ndi mnzake wa m'banja awauze kumene ili, ngakhale asawauze zimene zalembedwamo.